Mphunzitsi wa Pazenera

"Musawakoke mkono, a Thoko, agwireni m'chiuno," Fanuel anatero ali kunja kwa zenera, nkhope atalozetsa kumunda.

M'chipindamo munali apongozi ake aakazi, amene sitiroko inawagwetsa, ndi Thoko, mayi woyandikana nawo nyumba, amene ankawasambitsa. Pa Lirangwe ponse Fanuel yekha ndiye anali ndi satifiketi yosamalira okalamba, koma alamu ake anali atamudula kale mawu: "Mkamwini kuona thupi la apongozi? Kusukulu kwanuko anakuphunzitsani zimenezo?"

Choncho tsiku ndi tsiku Fanuel ankaima panja ngati wopempha mchere, kumalangiza katembenuzidwe ndi kadyetsedwe ka wodwala, mtima ukuwira.

Apongoziwo atayamba kuyenda ndi ndodo, Fanuel anamva kuti banja lina ku Chileka likufuna wosamalira agogo awo. Anamanga tayi nakwera minibasi, satifiketi ili m'manja.

Atafika, mwini nyumba sanaiyang'ane n'komwe satifiketiyo.

"Pepani achimwene, talemba kale munthu. Ndi mayi wa kwanu komweko, a Thoko. Akuti ali ndi manja odalitsika, anadzutsa gogo wa sitiroko popanda wowaphunzitsa aliyense."