Njiri Zidya Chogwada

Padangokhala, kalelo dambo likadali la nyama zonse, Njiri zidaputa nkhondo polimbirana msipu ndi Njati. Zidatumbula ana a Njati ambiri, koma pomaliza zidagonja. Pangano la mtendere lidati Njiri zizidya chogwada ndi kugona kuuna, izo ndi zidzukulu zawo mpaka kalekale.

Njiri zidakadandaula kwa Ntchefu, amene sadamenye nawo nkhondoyo. Ntchefu adaitanitsa mbali zonse, koma mtima udamulemera, pakuti mitembo ya anawo adaiona ndi maso ake.

"Bambo," adatero kwa mkulu wa Njati, "chisoni chanu ndikuchidziwa. Amene adapha agwade ndithu. Nanga osabadwawo akulakwirani chiyani?"

"Magazi ndi omwewo," adayankha mkuluyo. "Ife tidaika maliro. Iwo angogwada, ndiye muziti tawazunza?"

"Mukadagonja inuyo, pangano lotere mukadalivomera?"

Mkulu wa Njati adapukusa nyanga. "Ife sitidagonje."

Ntchefu adagamula kuti chilango chithere pa olakwa okha. Njati zidangotembenuka n'kumapita, fumbi lili koboo, ndipo panalibe wozibweza.

Patapita zaka, Ntchefu atakalamba, adapeza Njiri yamphongo ikudya chogwada, mano ake akukhulana kuti kwee, kwee.

"Mwanawe, phokosolo n'lachiyani?"

"Ndikunola, agogo. Nkhondo ijayo sindidaione, koma mawondo anga akuidziwa."

Ntchefu adangoima pomwepo, misozi ili chuchuchu.