Chitsononkho cha Ambrose

Chitsononkho cha chimanga chinali chitachoka kale m'dzanja la Ambrose pamene chithunzi chinasintha.

Iye ankagenda chombo. Masana amenewo anali atapalasa njinga kuchokera ku Nkopola mpaka ku holo ya pa boma kudzaonera gawo lachinayi la filimu ya chombo choyenda pakati pa nyenyezi, filimu imene anaikonda kuyambira ali pasukulu. Koma lero chombocho chinkalendewera pa zingwe zooneka, ndipo kaputeni wolimba mtima uja anali atamusandutsa chidakwa.

"Mwationongera filimu!" anakuwa.

Pomwepo filimu inatha. Pansalu panabwera nkhope ya mtsogoleri wa dziko, monga zinkakhalira pomaliza. Chitsononkho chija chinamenya pamphumi penipeni, nsalu n'kugwedezeka.

Nyimbo ya fuko inayamba. Anthu onse anaimirira, koma palibe amene anaimba.

"Achimwene, musacheuke," ananong'ona Keti, mlongo wake. "Anyamata a chipani ali pakhomo."

Ambrose anaimba yekha, mokweza, timakoko ta chimanga tikadali m'mano. Keti anasuntha pang'onopang'ono, mpaka pakati pawo panatsala malo a munthu mmodzi.