Galimoto ya Njati ndi Khutu la Mfuko

Padangokhala, msewu wakudambo usanalawe phula, Njati anali ndi chigalimoto chakale, chachitsulo chokhachokha, chomwa petulo ngati madzi. Chikalira, nthaka inkanjenjemera.

Tsiku lina Nswala anabwera ndi yake yatsopano, yongoti zii ngakhale ili paliwiro. Njati anaizungulira kawiri, akuinunkhiza.

"Galimoto yosalira ikubisa kanthu," anatero. "Tipikisane mpaka pamkuyu paja. Koma woweruza akhale Mfuko, chifukwa maso amanamizika."

Pajatu Mfuko saona, amangomva kugunda kwa nthaka.

Ananyamuka. Powongoka Njati anatsogoladi, koma pokhota chigalimoto chija chinakana kumumvera, n'kulunjika m'matope. Chinabangula momwemo, matayala akungozungulira. Nswala anadutsa osamveka n'kukaima pamkuyu.

"Apambana a Njati!" anakuwa Mfuko. "Ndawamva ndekha!"

"Bambo Mfuko, inetu ndafika kalekale," anatero Nswala.

"Ukadafika ndikadakumva, mwana iwe."

Njati anafika wapansi, matope mpaka m'nyanga, n'kulandira ulemuwo osaphethira n'komwe. Koma mpaka lero, mukamupeza m'matope, amakuyang'anitsitsani ndi diso lofiira, poganiza kuti mwina inuyo munaona.