Mfiti ya Geti Lobiriwira

A Vitalis anaima pafupi ndi mpanda, foni ili m'mwamba ngati akuunika dzira padzuwa. Timizere tonse ta netiweki tinali todzaza. Dzina lija linali pomwepo, pamwamba pa mayina ena onse: Mfiti ya Geti Lobiriwira.

Mumzere wonse wa nyumba za kuno ku Chilobwe geti lobiriwira linali limodzi lokha. A Vitalis analipenta okha chaka chimene anapuma ntchito yaulonda ku Limbe.

Za waifai sankazidziwa. Anawafotokozera ndi wokonza mafoni wa pamsika, tsiku limene anakasinthitsa batire. Iye anati kabokosi kalikonse ka intaneti kamaulutsa dzina lake mumphepo, ndipo foni iliyonse yodutsa imaliona. Kaloko kooneka pambali kamatanthauza kuti sungalowe popanda pasiwedi, koma dzinalo silibisika. Mwini wake amalemba chimene wafuna. Ndipo ukamayandikira pamene likuchokera, timizere timachuluka.

Ndiye kuti aliyense wokhala ndi foni anali atawerenga kale. Amayi pa kiyosiki ya madzi ankatsitsa mawu a Vitalis akamadutsa. Amene ankagula mazira a nkhuku zawo anasiya kubwera. Ana asukulu ankawolokera tsidya lina la msewu asanafike pageti. Mlungu wathawu wina anagenda padenga. Nkhalamba imene yaika mkazi kumanda iyo n'kutsala ili gwa, anthu safuna umboni wambiri.

Kuseri kwa mpandawo kunkakhala a Mikaili, dalaivala wa lole. Kabokosi kawo kankaoneka pazenera, timagetsi take tikuphethira. Dzina lija linkasowa m'mawa, nthawi imene lole inkatuluka, n'kudzabwereranso madzulo anthu akaweruka. Timizere tinkadzaza mbali yomweyo ya nyumba. Panafunikanso kuombeza ula?

Chowawa chinali chakuti a Mikaili si munthu wadzana. Ndi amene anathamangira ndi malemu mayi Christina, akazi a a Vitalis, kuchipatala matenda atakula. Pa chikondwerero cha Idi ankatumiza mwendo wa mbuzi. Koma a Vitalis anali ataona zambiri pa moyo wawo. Mano amasekera aliyense. Anakumbukiranso kuti a Mikaili anafunsapo, mokhala ngati nthabwala, ngati angawagawireko bwalo kuti aziimikapo lole. Anakanidwa. Tsopano apeza njira ina yochotsera nkhalamba pamalo.

Amene anawamvetsa anali mwana wawo Millicent yekha, yemwe ankagulitsa m'shopu ku Chichiri ndipo ankakhala nawo pakhomopo. Atamuonetsa dzinalo anagwira pakamwa. Anawapempha kuti asakangane ndi anthu, chifukwa za ufiti zikayamba sizichedwa kufika pa moto ndi zikwanje. Anati kumudzi ku Chiradzulu anthu amawadziwa ndipo amawalemekeza. Apite akapume kumeneko, nyumba aziisamala iye mpaka zinthu zitazizira. A Vitalis anayamba akana. Nyumbayo anaimanga ndi ndalama zochezera usiku wozizira pamageti a anthu ena, njerwa imodziimodzi. Koma mwala utagwa padenga, anavomera.

Chimene sakanavomera ndi kuchoka osalankhula. Linali Loweruka masana, lole ili mphepete mwa msewu. Anatsitsa foni, n'kutenga makwerero amene anabwereka kalekale, n'kukawaponya pakhonde pa a Mikaili.

"Mwapambana, achimwene. Mawa ndikuchoka. Koma lole yanuyo pabwalo panga sidzapondapo, ngakhale nditafa."

A Mikaili anatuluka akupukuta m'manja. Sanamve kuti nkhani ndi yotani mpaka ataonetsedwa foni. Analumbira kuti dzinalo analiona nawonso ndipo linawanyansa, koma lawo si limenelo. Lawo ndi lija lolembedwa kuti Amida, dzina la akazi awo. Anati alowe limodzi m'nyumba, azule kabokosiko pamagetsi a Vitalis akuona, kenako ayang'anenso pafoni.

A Vitalis sanadikire. Ulonda unawaphunzitsa kuti wakuba ndi amene amayamba kutembenuza matumba ake asanafunsidwe.

"Mwendo wa mbuzi uja ndikanadziwa ndikanapatsa agalu," anatero akutuluka. Mayi Amida anali pakhomo, atagwira nsalu kukamwa. A Vitalis sanawayang'ane n'komwe.

Kunyumba anakoka sutikesi pansi pa bedi. Anapinda jekete lamapemphero, malaya awiri, bulangete. Chithunzi cha ukwati anachikulunga m'chitenje cha malemu. Mtima unali utakhalako pansi. Anali atanena zimene anafuna kunena. Ndipo pa dziko lodzaza njoka ili Mulungu anawasiyira mwana mmodzi woti n'kumudalira. Makiyi a nyumba ndi a geti anawaika patebulo kuti amupatse madzulo.

Panja geti linalira. Anali Kate, mnzake wa Millicent wa kuntchito. Awiriwo anakhala pakhonde lakuseri, pansi penipeni pa zenera la chipinda chimene a Vitalis ankalongedzamo. Kate anafunsa ngati madala alipo, Millicent n'kuyankha kuti akadali kwa aneba. Anacheza za bwana wawo, za tsitsi, za penti imene ingakhale bwino pabalaza. Kenako Kate anadandaula kuti bando yamuthera, n'kupempha kuti mnzakeyo amugawireko intaneti ya pafoni pake.

"Ndayatsa kale, foni yangayi imaulutsa yokha ngati kabokosi," anatero Millicent. "Yang'ana pa waifai, dina ya mfitiyo. Pasiwedi ulembe kuti achokaliti, zilembo zing'onozing'ono."