Kanyimbi Akana Kukhala Pansi

Padangokhala, padali sukulu ya nyama kutsidya kwa mtsinje, ndipo ophunzira onse ankawolokera pa chipika chimodzi. Tsiku la mtsutso, Kanyimbi adaimirira nati, "Chipika chija chadyedwa ndi chiswe. Tikapanda kuchisintha tigwera m'madzi."

Mbidzi, katswiri wa pakamwa, adangotseka mphuno nati, "Anzanga, mungamvere wonunkha chonchi?"

Kalasi yonse idafa ndi chiseko. Kanyimbi mtima udamuwawa, koma sadakhale pansi.

"Kununkha ndimanunkhadi, achimwene. Nanga fungo langa likukhudzana bwanji ndi chiswe? Ngati chipikacho n'cholimba, tsogolani tikuoneni."

Onse adatsikira kumtsinje. Mbidzi atangopondapo, chipika chidalira, chiswe n'kuyoyokera m'madzi. Adabweza mwendo msanga.

"Tikudikira yankho lanu," adatero Kanyimbi, ndipo padalibenso woseka.