Apongozi Padziwe la Madzi Otentha

Hillary anamira mpaka m'khosi ataona apongozi ake akutsika masitepe a dziwe. Anali atavala kabudula wamkati basi, ndipo thaulo analisiya pampando kumtunda.

Ndi iye yemwe analipira chipinda pahotela ya kasupe wotenthayi, kufupi ndi Mfuwe, kuti mayiwo adzathowe mawondo. Samadziwa kuti adzuka msanga chonchi.

Mayiwo analowa ndi chitenje chawo mpaka m'chiuno, kenako anamuona. Anatembenuka mwachangu n'kumupatsa msana.

Madzi a kasupeyo sachita nthabwala. Khungu linayamba kuyabwa, mutu kuzungulira. Koma mkamwini angatuluke bwanji chifuwa chili pamtunda, mayi omuberekera mkazi ali pomwepo?

"Mwadzuka bwanji, amayi?" anatero, maso ali kumitengo.

"Tadzuka, atate. Madzi abwino."

"Abwino zedi," anayankha akukukuta mano.

Dzuwa linakwera. Panalibe wosuntha.

Mkazi wake Thelma atafika ndi tiyi, anatula makapu pansi.

"Inu, mukufuna kupsa ngati mbatata? Tulukani!"

"Ayambe amayi," ananong'ona Hillary. "Ndikufa ine."

Thelma anathamangira kwa mayi ake. Anawapeza atagwiritsa chitsulo cha masitepe, thukuta lili chuchuchu.

"Amayi, bwanji simukutuluka?"

"Mwanawe, miyendo yapsa kalekale," anayankha motsitsa mawu. "Koma chitenje chanyowa, chamata thupi lonse. Ndikudikira akamwini ayambe ndiwo. Kungoti akuoneka kuti madziwa awakonda."