Kachipinda ka Etta

Anthu khumi ndi awiri adaima pageti la famu yakale ya a Paterson, kumpoto kwa mzinda wa Edmonton, atanyamula zikwangwani zoti nyumbayo isagwetsedwe. Effie Chiye, namwino wa pachipatala cha m'deralo, sadanyamule kanthu. Adawadutsa, n'kupeza pomwe waya wa mpanda udang'ambika, n'kulowa.

"Mayi inu, mumangidwa!" adakuwa Brenda, gogo wachizungu wotsogolera gulu losunga mbiri ya deralo.

"Abwere andimange," adayankha Effie osatembenuka.

Brenda adazengereza pang'ono, kenako adapatsira mnzake chikwangwani n'kumutsatira. Miyezi isanu ndi umodzi akulimbana ndi nkhaniyi, sadaonepo munthu wolimba mtima chotere.

Nyumbayo idali itatha. Udzu udafika m'mawindo. Denga lidabooka pabalaza, ndipo nkhunda zidamanga zisa pamwamba pa kabati. Effie adaponda matabwa ofumbwa ngati akuyenda m'wodi, osasamala kulira kwake.

Brenda, akupumira m'mwamba, adayamba kufotokoza monga amachitira kwa alendo. Paterson woyamba adafika kuno kuli dambo lokhalokha. Adakumba ngalande ndi manja ake, n'kuumba njerwa za nyumbayi. Mdzukulu wake Morton adawoloka nyanja kukatsegula esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo adabwerako ndi mkazi ndi mwana mmodzi, Andrew. Andrewyo ndiye adamwalira zaka ziwiri zapitazo, wosakwatira, wopanda mwana.

"Basi banja lidathera pomwepo," adatero Brenda. "Pano malowa ali m'manja mwa munthu yemwe sitinamuonepo. Makalata athu sayankha. Akungofuna kubweretsa katapila wodzagwetsa nyumbayi. Munthu wopanda mtima!"

"Nanga Etta?" adafunsa Effie.

"Etta wake uti?"

Effie adalowa m'khitchini, n'kukankha shelefu yomwe idatsamira khoma. Kuseri kwake kudali kachitseko kotsika, koti munthu wamkulu alowe chowerama. Mpiringidzo wake udali kunja. Udachita dzimbiri, koma Effie adatola njerwa n'kuumenya katatu mpaka udagonja.

M'katimo mudalibe windo. Mudali bedi lachitsulo lopanda matiresi, ndi msomali umodzi pakhoma. Effie adatambasula manja, zala zake n'kukhudza makoma onse awiri.

"Etta adali agogo anga," adatero. "Morton adawatenga ku Thyolo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, kuti azidzalera Andrew. Adagona muno zaka zitatu. Akamaliza ntchito amawatsekera kunjaku, ati angathawe. Kenako adawakweza sitima yapamadzi ndi sutikesi imodzi. Mpaka imfa yawo sankalola kuti munthu awatsekere chitseko, ngakhale kukuzizira chotani."

Brenda adagwira pakamwa. M'kabuku kake konse ka mbiri ya a Paterson mudali ngakhale mayina a akavalo, koma la Etta mudalibe.

"Pepani," adatero. "Sindinkadziwa."

"Simunafunse."

Effie adakhala pabedipo. Zitsulo zidalira. Adatseka maso n'kunong'ona m'Chichewa, "Agogo, ndafika." Misozi idafuna kutuluka, koma adaikaniza. M'nyumba imeneyi mudalira kale munthu wa kwawo, ndipo zidakwana.

Atatsegula maso adapeza nkhope ya Brenda itawala.

"Koma mayi, mukuona zomwe mwatibweretsera? Khonsolo idatikana ati nyumbayi ilibe mbiri yapadera. Nayi mbiriyo! Kachipinda aka tikakonza bwinobwino, tiika chithunzi cha agogo anu, ana asukulu azibwera kudzaona. Inu mukaima pamaso pa khonsolo n'kunena zomwe mwandiuzazi, mwiniwakeyo achita manyazi. Sagwetsa ngakhale njerwa imodzi."

"Azidzaona pomwe ankawatsekera?"

"Azidzawakumbukira."

Brenda adatulutsa m'chikwama chikalata chodandaula, chodzaza mayina, n'kumupatsa pamodzi ndi cholembera. Effie adawerenga mofatsa mpaka pansi. Kunja anthu aja adayamba kuyimba kuti nyumba isagwe.

Effie adaimirira, n'kubweza chikalatacho chosasaina.

"Agogo adakwera sitima ija ali ndi pathupi pa Morton. Mwanayo ndi mayi anga, ndipo maloya ofufuza wolowa chuma cha Andrew adandipeza chaka chatha. Munthu wopanda mtima uja ndine, mayi. Katapila ndaitana ndine, ndipo Lolemba ayambira chipinda chino."